Analira Mvula ku Indiana

Akuluakulu amene anati walira mvula walira matope ankanena za mlimi. Ankamuona mu Okutobala ali pansi pa mtengo wa mango, thukuta lili kamukamu, akuloza kumwamba n'kumafunsa ngati Chauta wamuiwala. Ankamuonanso mu Januwale, nkhuni zanyowa, njinga yatitimira, iye akunyoza mitambo yomwe ija. Sankadziwa kuti mwambi wawowu udzakwera ndege n'kukatera ku America, m'nyumba za anthu okonda basketball ya m'mayunivesite.

Timvetsetsane kaye, poti wina angaganize kuti tikunena za mpira wa ana asukulu wothamangitsana pa tsiku lotsekera. Kumeneko mpikisano wa m'mwezi wa Malichi, umene amautcha March Madness, mu 2025 unali ndi matimu 68, ndipo m'maofesi ntchito imayenda mokwawa mpaka utatha. Mu 2010 makampani a CBS ndi Turner analonjeza $10.8 biliyoni kuti aziuonetsa kwa zaka 14, ndipo mu 2016 anawonjezera $8.8 biliyoni kuti mgwirizanowo ufike 2032. Ku Indiana, Kentucky ndi Kansas mwana amabadwa timu ali nayo kale, dzina amachita kumupatsa pambuyo.

Kuyambira 1979, chaka chimene tchanelo ya masewero ya ESPN inayamba, mpirawu unkalowa m'nyumba kudzera pa chingwe cha kebulo. Munthu ankalipira bilu imodzi pamwezi n'kulandira phukusi la matchanelo mazanamazana: ophika, ogulitsa mphete, oonetsa anthu akugwetsa makoma a nyumba zawo, ndi ena a mpira chapakati pake. Wokonda mpira ankangokhala phee pampando, rimoti m'manja, koma pakamwa pasakutseka. "Ndikulipiriranji matchanelo 200 pamene ndimaonera asanu? Tipatseni mpira wokha, zinazo agule eni ake!" Kulira kumeneku kunatenga zaka. Kenako anthu anayamba kudula chingwecho. Mu 2011 ESPN inkafika m'nyumba pafupifupi 100 miliyoni. Pofika 2023 nyumbazo zinali zitatsikira cha m'ma 70 miliyoni.

Ndiye mitambo inamva. Mu Epulo 2018 kunagwa chizimalupsa: ESPN+, mpira wa pa intaneti, $4.99 yokha pamwezi. Fungo la dothi linamveka bwino, anthu anavina. Mu Ogasiti 2022 ligi ya Big Ten inasaina mgwirizano wa zaka 7 wa ndalama pafupifupi $7 biliyoni ndi Fox, CBS ndi NBC, ndipo NBC inatenga masewero ena n'kukawabisa ku Peacock, apu yake yolipira: mpaka 47 a amuna ndi 30 a akazi pachaka. Big Ten yomweyo ili ndi ina ya payokha, B1G+. Ligi zina zing'onozing'ono zinapita ku FloSports. March Madness, kwa amene alibe kebulo, inagawika pakati pa Paramount+ ndi Max, ija inali HBO Max, n'kukhala Max, n'kubwereranso pa HBO Max mu 2025, moti munthu amafunika kusunga mayina ake onse ngati wachibale wothawa ngongole.

Tsono taonani moyo wa munthu amene amatsatira timu imodzi yokha, tinene ya yunivesite ya Indiana. Lachiwiri timu yake ili pa Peacock. Loweruka ili pa Fox kapena CBS. Mlungu wotsatira ili pa Big Ten Network kapena FS1, amene ndi matchanelo a kebulo ija anaidula monyadira. Masewero ena a kumayambiriro kwa nyengo, olimbana ndi kasukulu kosadziwika, ali pa B1G+. Kale funso la madzulo linali lakuti, "Tiwina kodi?" Lero ndi lakuti, "Aonetsa kuti?" Ndipo pamene amafuna kuthawa bilu imodzi, wapezeka ali ndi zinayi, kuphatikizapo yakale ija, imene yangosintha malaya n'kumatchedwa YouTube TV. Imeneyi inayamba pa $35 mu 2017, ndipo mu Januwale 2025 inafika $82.99. Peacock, ya $4.99 poyamba, inali pa $10.99 pofika Julaye 2025. ESPN+ inafika $11.99 mu 2024. Chizimalupsa chija chinasanduka mvumbi.

Usiku umene matope anaonekera bwino ndi wa pa 15 Febuluwale 2024. Caitlin Clark, mtsikana wa timu ya Iowa amene dziko lonse linkafuna kumuona, ankangofunika mapointi 8 kuti apose 3,527 a Kelsey Plum n'kukhala woponya mapointi ochuluka kuposa mkazi aliyense m'mbiri ya NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite. Masewero ake ndi Michigan anali pa Peacock pokha. Mtsikanayo sanachitire chisoni aliyense: mapointi 8 oyamba a timu yake anaponya yekha, omalizawo ali kutali cha pakati pa bwalo, mphindi ziwiri zitangodutsa pang'ono. Ganizirani bambo amene anati, "Ndilembetsa akangoyamba." Mbiri ikulembedwa ku Iowa City, iye ali kalikiliki kusaka magalasi kuti aone manambala atatu a kumbuyo kwa khadi la kubanki, apu ikumuuza kuti pasiwedi yake ilibe chilembo chachikulu. Mwayi wake unali woti Clark anapitiriza mpaka mapointi 49, ndiye ndalama yake sinapite padera.

Patatha milungu yochepa, pa 7 Epulo, ndime yomaliza ya March Madness ya akazi pakati pa Iowa ndi South Carolina inaonetsedwa pa ABC, tchanelo imene ngakhale eriyo ya padenga imagwira ulere. Anaonera anthu 18.9 miliyoni, kuposa amene anaonera ndime yomaliza ya amuna chaka chimenecho. Akuluakulu a makampani anaziona ziwerengerozo, ndipo sindikukhulupirira kuti anaphunzirapo zoti mpira uzikhala poyera. Anaphunzira kuti chinthu chimene anthu 18.9 miliyoni akuchifuna n'choyenera kuchiikira chitseko.

Koma pali nkhani imene wokonda mpira safuna kuimva, ndipo ine ndi imene imandiseketsa kwambiri. Zaka zonse zimene ankalira kuti akulipirira matchanelo a anzake, anzakewo ndi amene ankamulipirira iyeyo. Matchanelo a masewero ndiwo anali okwera mtengo kwambiri m'phukusi muja: pofika 2023 ESPN yokha inkatenga madola oposa 9 pamwezi pa nyumba iliyonse imene inali nayo, kaya m'nyumbamo muli woonera mpira kaya mulibe. Mayi wamasiye wa ku Ohio amene amangoonera za maphikidwe ndi zanyengo ankasonkha nawo mwezi ndi mwezi, osadziwa ngakhale kuti mpirawo umaponyedwa ndi manja. Kebulo inali msonkhamsonkha wa mudzi wonse, ndipo nyama yambiri inkagwera m'mbale ya munthu yemwe ankadandaula kwambiri za ndalama yosonkhayo. Mayi uja atamva kuti aliyense azigula zake, anavomera ndi manja awiri. Anadula chingwe, anatenga Netflix yake, ndipo sanatembenukenso. Ndalama zolipira makochi, mabwalo, ndipo kuyambira 2025 osewera omwe, poti chaka chimenecho sukulu inaloledwa kuwagawira mpaka pafupifupi $20.5 miliyoni pachaka, ziyenera kuchokerabe penapake. Penapakepo ndi m'thumba la bambo wa magalasi uja.

Matope ena ndi ang'onoang'ono koma oterera. Chithunzi cha pa intaneti chimafika mochedwa, nthawi zina ndi theka la mphindi kapena kuposa. Kwa basketball, imene imatha kutembenuka m'masekondi awiri omaliza, theka la mphindi ndi chaka. Iwe ukupemphera kuti mnyamata asaphonye, foni yako yalira kale ndi uthenga wa mlamu wako wokuseka, ndipo mnansi amene anakakamira kebulo wakuwa kale mpaka agalu auwa. Ukuonera maliro ako omwe, ukuchemererabe. Kusintha tchanelo nakonso kunatha. Kale nthawi ya zotsatsa malonda munthu ankangodina kamodzi n'kusuzumira masewero ena. Lero uyenera kutuluka mu apu, kufufuza ina, kudikira kagudumu kozungulira, ndipo pobwerera upeza timu yako yatsalira ndi mapointi 9 popanda wokufotokozera.

Nanga agogo? Munthu waonera timu yake kuyambira nthawi ya kochi Bob Knight wa ku Indiana, nambala ya tchanelo amaidziwa ngati tsiku lake lobadwa. Lero amaimbira mdzukulu amene ali kutali.

"Iwe, mpira uja auika kuti lero?"

"Agogo, dinani batani lakunyumba, mupeze Peacock."

"Ndadina. Kwabwera mzimayi akuphika."

Pasiwedi yobwereka kwa mdzukuluyo nayo masiku ano makampani amainunkhiza, n'kufunsa kuti nyumba imodzi ikupezeka bwanji m'mizinda itatu.

Ndisanamizire mvula kuti inangobweretsa matope okha. Chimanga chinameradi, koma m'minda ya ena. Ku America kuli matimu oposa 350 mu gawo lapamwamba la NCAA, ndipo nthawi ya kebulo ambiri mwa iwo ankangoonekera pa kanema akamapita kukagonja kwa akuluakulu. Lero ESPN+ imaonetsa masewero zikwizikwi a ligi zing'onozing'ono ndi a atsikana. Mayi amene mwana wake amasewera kasukulu kakutali akhoza kumuona Lachitatu usiku, ngakhale kamera ili imodzi ndipo wofotokoza mpirayo ndi mwana wasukulu amene mawa ali ndi mayeso. Kwa mayi ameneyu bilu ya ESPN+ ndi mphatso. Amene akulira ndi a matimu otchuka, omwe anazolowera kupatsidwa zonse patebulo.

Ndipo kukana mvula sikunapulumutse munthu. Mu Ogasiti 2023 ligi ya Pac-12, imene mizu yake inayamba mu 1915, inapatsidwa mwayi woti masewero ake azionetsedwa pa intaneti ndi Apple. Masukulu anaona kuti ndalama zotsimikizika n'zochepa, ndipo anabalalika. Oregon ndi Washington anathawira ku Big Ten, kumene Peacock inali kuwadikira. Stanford ndi California, masukulu a m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, analowa ligi yotchedwa Atlantic Coast, ndipo ana awo tsopano amauluka maola asanu kukaponya mpira mu dengu.

Ife tisaseke kwambiri. Ndani sanamvepo munthu pano akunena kuti, "Akanangotigulitsa SuperSport yokha"? Mu Febuluwale 2024 Showmax inatsegulidwa mwatsopano pa makina a Peacock yemweyo, ili ndi Premier League yogula payokha pafoni. Ndiye munthu anadziwa kuti mpira wa mphindi 90 umadya bandulo yochuluka bwanji.

Ku America pakali pano nkhani yafika posangalatsa. Kumapeto kwa Okutobala 2025, nyengo ya basketball ili pafupi kuyamba, Disney, mwini wake wa ESPN, ndi YouTube TV anakangana za mitengo, ndipo ESPN inazimitsidwa kwa olembetsa kwa pafupifupi milungu iwiri, ndendende mikangano imene anthu ankathawa pa kebulo. Makampani aona kuti anthu atopa ndi mabilu ambirimbiri, ndipo apeza nzeru yatsopano. Mu 2025 ESPN, imene inayamba kugulitsidwa payokha pa $29.99, ndi Fox One ya $19.99, anaziika pamodzi pa $39.99. Disney+, Hulu ndi HBO Max nazonso zimagulidwa limodzi. Akuti akapitiriza kuphatikiza chonchi, tsiku lina munthu azidzalipira bilu imodzi pamwezi n'kulandira zonse, ndi zophika zomwe. Anyamata amene anaganiza zimenezi anakwezedwa pantchito.