Wachitatu Ndi Kapasule

Makolo athu, amene nzeru zawo zinkapsa pang'onopang'ono ngati mbatata yokwirira m'phulusa, anatisiyira mwambi wakuti banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Ndipo ine, amene ndinaphunzitsa ana mwambi umenewu zaka zochuluka, ndi kuwalimitsa m'munda wa sukulu akalephera kuumasulira, sindinalote konse kuti nditapuma pa uphunzitsi ndidzapatsidwa mpando, tebulo ndi kabuku kolembamo, kuti ndikhale wachitatuyo kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu. Pakuti chaka chathachi ndachithera pa kabungwe kena kachifundo ka m'dera lathu muno mu Blantyre, kamene ntchito yake ndi kupereka uphungu kwa a m'mabanja ogwedezeka, ndipo malipiro ake ndi tiyi, ya minibasi, ndi madalitso. Tsiku loyamba ndinawafunsa amayi otiyang'anira ngati ife sitili akapasule olembedwa ntchito, koma iwo, osakweza n'komwe maso pa mapepala awo, anati, "Aphunzitsi, kapasule amapita yekha kubanja la eni. Inu khalani pompo, adzakupezani."

Tsono ndi ulemu wonse kwa akuluakulu, ndiyenera kunena kuti sindinaonepo banja la anthu awiri m'dziko lino. Eni mwambi omwewo, atatha kuwerenga awiri, anaika nkhoswe wamkulu ndi wamng'ono kuchimuna, wamkulu ndi wamng'ono kuchikazi, nawonjeza atsibweni, alangizi ndi anamkungwi, nasinthanitsa tambala ndi msoti pamaso pa mudzi wonse. Ndipo ngati kuti zimenezo n'zochepa, analamula mkamwini kumanga nyumba yake pamalo poti akatsokomola usiku apongozi adziwe. Banja lokhalo la anthu awiri enieni, lopanda nkhoswe, lopanda mlamu, lopanda mpongozi, linali la Adamu ndi Hava. Ndipo taonani, mpando wa wachitatu utapezeka wopanda munthu, inakhalapo ndi njoka. Chotero ndiganiza kuti makolo, podziwa kuti mpandowo sukhala wopanda mwini, anafulumira kukhazikapo anthu oti akalakwitsa ukhoza kuwaitanira kubwalo.

Koma kapasule amene ndamuona ine chaka chino sangaitanidwe kubwalo la mfumu iliyonse, pakuti alibe mudzi, alibe mfunda, amagona kunsi kwa pilo ndipo amadya mayunitsi. Mwa milandu imene inafika patebulo langa, yowerengeka yokha ndiyo inatha popanda wina kutulutsa foni m'chikwama, monga mboni yaikulu imene yakhala ikudikira panja. Mwamuna amene kale ankapita kubafa ndi sopo ndi thaulo, lero amapita ndi foni, thaulo n'kuiwala. Mkazi amene tsiku la ukwati analumbira pamaso pa mpingo kuti zake zonse n'za mwamuna wake, anaiwala kutchula kuti pasiwedi ili kunja kwa pangano. Ndinakumana ndi bambo wina waulemu wake, wa jekete ndi tayi, amene m'foni mwake munali nambala yolembedwa kuti Makaniko. Ndipo mkazi wake anafuna kudziwa, modekha ndithu, kuti makaniko ameneyu ndi wachifundo chotani kuti pakati pa usiku azifunsa ngati bambowo adya, chikhalirecho pakhomo pawo palibe galimoto, ngakhale njinga yakapalasa. Bamboyo anayang'ana ine monga munthu womira ayang'ana bango, ine ndinayang'ana kabuku kanga.

Akale ankati mlandu suola, ndipo ankanena zimenezi mawu akadali mphepo, woti munthu ukhoza kukana kuti sunanene. Lero mlandu umajambulidwa, n'kutumizidwa kwa mlamu ku Lilongwe kuti ausunge, kuopa kuti ungafufutidwe. Ndipo palibe mboni yosadziwa kunong'ona ngati meseji ya Airtel Money kapena Mpamba, imene imatchula ndalama, tsiku ndi ola, pamene mwini wake anali atalumbira m'mawa womwewo kuti alibe ngakhale ya mchere.

Za amuna a ku Joni ndiye n'zina. Masiku a Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anyamata athu ochokera kumigodi, kalata inkayenda masabata. Mwamuna akalemba atakwiya, mkwiyo unkazirala panjira, ndipo wowerengera kalatayo kumudzi, akakhala wanzeru, ankadumpha mizere ina. Lero mwamuna ali ku Johannesburg amaimba pa WhatsApp n'kulamula mkazi kuti azungulitse foni m'chipinda monse, aone kuti nsapato zili kuseri kwa chitsekozo n'za yani. Banja lina ndinalipatsa uphungu mwamuna ali m'foni yotsamira chitini cha shuga patebulo langa. Ndipo chodabwitsa, chimene akatswiri a zamafoni ayenera kuchifufuza, n'chakuti netiweki inkagwira bwino lomwe pamene iye ankafotokoza zolakwa za mkazi wake, koma inkadukaduka nthawi iliyonse mkaziyo akatchula za fizi ya ana.

Chaka cha phungu chili ndi nyengo zake monga cha mlimi. Januwale amabwera ndi fizi ndi njala, kumapeto kwa mwezi kumabwera amayi ofunafuna malipiro amene anasochera pakati pa ofesi ndi nyumba, ndipo Lolemba lililonse lotsatira kugonja kwa timu ina ya ku England kumabwera banja limene ndalama yake ya lendi inabetcheredwa pa anyamata osadziwa n'komwe kuti ku Ndirande kuli landilodi. Chigwetsereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amene amafika akunena kuti chikondi chatha, ukafunsitsa umapeza kuti chatha ndi mafuta ophikira. Ndipo wachitatu m'nyumba zotere ndi wakatapila, kapena ngongole ya banki m'khonde imene mmodzi anatenga mnzake osadziwa.

Boma nalonso linakhala pampando wa wachitatu, ndipo linachita bwino. Mnyamata wina anandiuza monyadira kuti iye sanakwatire, akungokhala naye mayiyo, ngakhale kungokhalako kunali kutabala ana atatu m'zaka zisanu ndi ziwiri. Ndipo pamene ndinamufotokozera kuti lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuona ngati banja anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu, nkhope yake inagwa monga ya munthu amene wauzidwa kuti wakhala akudya nsima pangongole. Koma pali milandu ina imene sitiseka. Mayi akafika ndi diso lotupa, mawu akale aja oti banja ndi kupirira sitiwatchula. Timamuuza za lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, timamuperekeza ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo ngati kutero ndi kupasula, dzina la kapasule ndilivomera ndi manja awiri.

Chimene chinandivuta koposa pa maphunziro athu chinali kukhala chete. Nkhoswe amamva mbali zonse n'kugamula, phungu, anatero amayi otiyang'anira, amamva mbali zonse n'kufunsa kuti, "Nanga inu mukuona bwanji?" Kwa munthu amene wathera moyo wake akuyankhula pamaso pa ana osaloledwa kuyankha, ichi chinali ngati kumanga mbuzi pafupi ndi chimanga n'kuiuza kuti isinkhesinkhe. Ndinapirira miyezi isanu ndi itatu. Kenaka kunabwera agogo awiri, okhala m'banja chiyambire ndisanamere ndevu, amene sanayankhulane mwezi wathunthu kaamba ka nkhuku imene agogo aamuna anagulitsa mwakabisira. Ndipo nditamva za nkhukuyo masiku atatu, kuyambira kuswedwa kwake kufikira mtengo wake, uphunzitsi unandikwera, ndinaimirira, ndi kuwalalikira za kukhululukirana kwa theka la ola, ndi mfundo zolembedwa manambala.

Nditamaliza, agogo aakazi anatembenukira kwa amuna awo, koyamba mwezi wonsewo, nati, "Kodi abambo, mwana ameneyu ndi wa kwa yani?" Agogo aamuna anayankha kuti sakudziwa, koma kuti kwawoko sanamulange. Anagwirizana kuti ndine wamwano, anagwirizana kuti tiyi wathu ndi wopanda shuga, anagwirizana kuti nkhani ya nkhuku si yokambira pamaso pa ana. Ndipo anatuluka mvula ikugwa, atafunda ambulera imodzi, akundinena mpaka pamsewu. Amayi otiyang'anira anandidzudzula kolimba, kenaka analemba m'buku kuti banja layanjana, ndipo m'lipoti la pachaka lopita kwa otithandiza mlanduwo uli pa tsamba loyamba.

Sabata yathayi, nditafika kunyumba madzulo makutu atatopa, ndinakhala pakhonde monga mwa chizolowezi changa chatsopano, osanena kanthu, pakuti za kuntchito n'zachinsinsi ndipo za pakhomo ndinalibe nazo mphamvu. Mayi a kunyumba, amene chaka chonse akandiuza kuti denga likudontha ndakhala ndikuwayankha kuti, "Nanga inu mukuona bwanji?", anandiikira madzi osamba, anandipatsa nsima, nadikira kuti ndisambe m'manja. Kenaka anatulutsa kapepala m'chikwama chawo cha kutchalitchi, kokhala ndi chidindo chimene ndinachizindikira msanga, popeza ndimadinda ndine.

"Abambo," anatero, "Lachiwiri 10 koloko tikufunika ku ofesi kwanu. Ndapempha kuti atipatse phungu wina."