Ulemerero wa Nsomba Yopanda Minga m'Matauni a Kitwe ndi Ndola

Pakati pa zinthu zonse zimene zinalowa m'dera la migodi ya kopa ku Zambia lotchedwa Copperbelt potsatira njanji, palibe chimene olemba mbiri anachimana ulemu mopanda chilungamo kuposa gefilte fish, chakudya cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya chimene chimakonzedwa pochotsa minga yonse m'nsomba, kupera mnofu wake pamodzi ndi anyezi, kuthiramo mazira ndi ufa wa mkate, kuumba timitanda, kutiphika mu msuzi wa mitu ndi mafupa a nsomba yomweyo, kenako n'kutidya titazizira. Mabuku onena za Kitwe ndi Ndola amatamanda mgodi wa Nkana, amawerengera matani a kopa amene ankatsikira ku doko la Beira, amafotokoza za masitalaka a anthu a m'migodi a mu 1935 ndi 1940, koma kawirikawiri amalambalala kamtanda kotuwa, konjenjemera, kosenza kachidutswa ka karoti pamutu, kamene kanapirira nyengo zonsezi kali chete m'mbale. Nkhani ino ikubweza ngongole imeneyi, pakuti chakudya chimene chimamudyera munthu tsiku lathunthu pofuna kuti nsomba isaonekenso ngati nsomba n'choyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ntchito zikuluzikulu za m'derali.

Amene anabwera nacho anali Ayuda otchedwa Ashkenazi, ndiye kuti a ku Ulaya wapakati ndi wakum'mawa amene ankalankhula Chiyidishi, ndipo ambiri mwa amene anafika ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, anachokera ku Lithuania ndi ku Latvia. Oyambirira anali amalonda a ng'ombe monga abale awiri, Elie ndi Harry Susman, amene anafika ku Barotseland mu 1901. Koma njanji itafika ku Ndola mu 1909, makamakanso migodi ya Roan Antelope ndi Nkana itayamba kutulutsa kopa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ena analowera kumpoto kukatsegula masitolo, mabutchala ndi mahotela, ndipo mu 1938 ndi 1939 kunafikanso othawa nkhanza za chipani cha Nazi ku Germany. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 chiwerengero chawo m'dziko lonse chinali pafupifupi 1,200, ndipo ku Ndola, ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Luanshya anali ndi masunagoge, zomwe ndi nyumba zawo zopemphereramo. Buku la Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro la mu 1999, lotchedwa Zion in Africa, limalongosola za anthu amenewa, mmodzi mwa iwo Simon Zukas, amene anabadwira ku Lithuania, nafika m'dzikomo mu 1938, napirikitsidwa ndi boma la atsamunda mu 1952 chifukwa cholimbana ndi chitaganya. Gefilte fish, imene sinalimbanepo ndi munthu, boma linaisiya kuti ikhazikike.

Ulemerero wake woyamba ndi wakuti inabadwira m'malamulo. Aphunzitsi akale a Chiyuda anawerenga mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa pa Sabata, kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka nyenyezi zitatuluka Loweruka, ndipo pakati pa ntchitozi pali kuphika ndiponso borer, komwe ndi kusankha chosafunika n'kuchichotsa pakati pa chofunika, monga amachitira munthu potola munga m'nsomba. Popeza nsomba ndi chakudya cholemekezeka pa Sabata ndi pa zikondwerero, amayi a m'timatauni ta ku Poland ndi ku Lithuania anathetsa vutoli posamutsa kantchito ka Loweruka kukabweretsa Lachinayi ndi Lachisanu, n'kukakulitsa mpaka kukhala chintchito, nzeru imene akuluakulu a Rhokana Corporation, eni ake a mgodi wa Nkana, akanachita bwino kuiphunzira. Palinso chifukwa china chimene anthu olemekezeka sakonda kuchitchula pagulu, chakuti anyezi, mazira ndi ufa zimatambasula nsomba imodzi kuti ikwanire banja lonse pamodzi ndi mlendo wapanjira, ndipo amayi a m'makomboni a Chimwemwe ku Kitwe ndi Chifubu ku Ndola, amene amadziwa kuchulukitsa msuzi m'kamphika ka kapenta kuti kafike madzulo, sangadabwe ndi masamu amenewa. Kale mnofu woperedwawo ankaubwezera m'khungu la nsombayo kuti ifike patebulo ngati yathunthu, koma mabanja ambiri anadzaleka chinyengo chimenechi n'kulola kamtandako kuti kaonekere poyera, kopanda chobisala.

Lamulo lachiwiri ndilo linayesa kwambiri chikhulupiriro cha ophika a ku Copperbelt. Mutu 11 wa buku la Levitiko umaloleza kudya nsomba zokhazo zimene zili ndi zipsepse ndi mamba. Ku Lithuania nkhaniyi inali yosavuta, chifukwa nyanja za kumeneko zili ndi carp, yomwe ndi ya m'banja limodzi ndi ntchila, komanso pike ndi nsomba zina zoyera mnofu. Koma mtsinje wa Kafue, umene umadutsa pambali pa Kitwe, sunafunsidwe maganizo pamene maphikidwewa ankakhazikitsidwa. Mlamba, umene ndi wonona, wochuluka mnofu ndiponso wosavutitsa ndi timinga, moti munthu wongoganiza mwachibwana akanati unalengedwera ntchito imeneyi, ulibe mamba, choncho lamulo limauthamangitsa pakhomo usanalowe m'khitchini. Kapenta ali ndi mamba ndipo ndi wololedwa, koma munthu amene angakhale pansi kuti amuchotse minga mmodzimmodzi adzapeza kuti chikondwerero chatha iye asanadzaze supuni. Nsomba zowamba ndi zouma za ku Luapula, ku Mweru ndi ku Bangweulu, zimene zimaunjikidwa m'misika ya Chisokone ku Kitwe ndi Masala ku Ndola, sizingathandize, popeza ntchitoyi imafuna mnofu wauwisi. Zotsala ndi nsomba za mtundu wa chambo, zimene a ku Zambia amati bream, zimene Mulungu anazikometsa kale moti zimangofuna mchere ndi makala. Ndipo apa ndi pamene pagona ukulu wa gefilte fish, kuti imatenga nsomba yosasowa chithandizo n'kuithandiza kwa maola ambiri.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kupala mamba, kutumbula, kudula mitu ndi kuchotsa makha, amene akasiyidwa amawawitsa msuzi. Kenako mpeni umayenda motsatira fupa la pamsana kuti mnofu ulekane ndi minga, ndipo chala chimabwerera m'mnofumo kufufuza timinga tobisala, chifukwa kamunga kamodzi kokha kakapulumuka n'kukapezeka m'kamwa mwa apongozi, khama lonse la tsikulo limaiwalika. Mitu, mafupa ndi makungu sizitayidwa: zimayalidwa pansi pa mphika waukulu pamodzi ndi anyezi ndi karoti, n'kuthiridwa madzi. Mnofuwo umaperedwa pa makina a dzanja amene amamangiriridwa m'mphepete mwa tebulo, kapena umagwazidwa ndi chimpeni m'mbale yamtengo mpaka utalala, ndipo anyezi amene amaperedwa nawo amaonetsetsa kuti wophika agwetse misozi yoyamba ya chikondwererocho. Pa Pasika, pamene m'nyumba ya Myuda simuloledwa chofufumitsa chilichonse, ufa umene umathiridwamo ndi wa matzo, mkate wopyapyala wosafufumitsa. Wophika amanyowetsa manja, amaumba timitanda tofanana ndi dzira la bakha, amatitsitsira kamodzikamodzi mu msuzi umene ukuwira pang'onopang'ono, ndipo amadikira ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. M'nthawi imeneyi fungo limayamba utumiki wake. Limalowa m'makatani, m'mapilo, m'mabuku a mapemphero ndi m'tsitsi la ana, limawoloka mpanda kukalonjera a nyumba yoyandikana, ndipo limakhala m'nyumbamo mokhulupirika masiku angapo alendo onse atapita. Kalata yoitanira anthu ku phwando imatha kusochera, koma uthenga wa mphika umenewu sunalepherepo kufika.

Pano n'koyenera kukumbukira manja amene olemba mbiri amawaiwala kawiri. M'nyumba zambiri za azungu za ku Copperbelt m'nthawi ya atsamunda ntchito ya kukhitchini inali ya amuna olembedwa ganyu, ndipo ambiri mwa makhukhi otchuka ankachokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Khukhi wotere, amene kwawo anakula akudziwa kuti kutsukuluza mutu wa chambo ndi udindo wa bambo wa pakhomo ndiponso kuti ndiwo zozizira amapatsa munthu wochedwa, akalembedwa m'nyumba yosunga mwambo wa Chiyuda ankayenera kuphunzira kuti mutu ndi wa pansi pa mphika, kuti mbale za nyama sizikumana ndi za mkaka, ndi kuti chakudya chimene wachiphika bwino kwambiri chiyenera kudikira mawa kuti chizizire. Ngati pali digiri yaulemu imene Copperbelt University sinaperekebe, ndi ya amuna amenewa.

Chakudya chachikulu chimadziwika ndi mikangano imene chimabala, ndipo gefilte fish inagawa dziko. Ayuda a ku Poland ndi ku Galicia, kumene mafakitale a shuga wochokera ku mizu ya beet anachuluka m'zaka za m'ma 1800, amathiramo shuga, pamene a ku Lithuania amathiramo mchere ndi tsabola wakuda, ndipo gulu lililonse limaona maphikidwe a linzake ngati tsoka limene linagwera anthu abwinobwino. Katswiri wa zinenero Marvin Herzog anasonyeza m'zaka za m'ma 1960 kuti malire a shuga ndi tsabolawa amayendera limodzi ndi malire a kalankhulidwe ka Chiyidishi, moti munthu akhoza kudziwa kwawo kwa agogo a mnzake pongolawa. Popeza ambiri a ku Kitwe ndi ku Ndola anali ochokera ku Lithuania, derali linali m'manja mwa chipani cha tsabola. Kutsidya kwa malire, ku Elisabethville, komwe lero ndi Lubumbashi, kunali Ayuda ambiri ochokera pa chilumba cha Rhodes, a mwambo wa Sefaradi, amene makolo awo sankachidziwa chakudyachi ndipo palibe chosonyeza kuti ankadandaula nazo.

Kulimba mtima kwa gefilte fish kumaonekera bwino pa nkhani ya nyengo. Msuzi wa mitu ndi mafupa ukazizira umaundana n'kusanduka chinthu chonjenjemera, choterera, cholangala, chimene odziwa amachilemekeza kuposa nsomba yeniyeniyo, ndipo ku Lithuania kuundanaku kumachitika kokha m'chipinda chozizira. Koma Rosh Hashanah, chomwe ndi chikondwerero cha chaka chatsopano cha Ayuda, chimagwa mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, pamene ku Copperbelt dzuwa limakhala likuswa mtengo ndipo mvula isanagwe. Mbale ikangochoka m'firiji, ulemerero wonjenjemerawo umayamba kubwerera ku madzi kumene unachokera, ndipo banja limene likufuna kuulawa liyenera kufulumiza madalitso. Pasika, imene imagwa mu Malichi kapena Epulo mvula ikamatha, ndi yachifundo pang'ono, ndipo masiku ano imafika nyengo yoletsa usodzi ya Disembala mpaka Febuluwale itangotha.

Otsutsa amanena kuti chakudyachi n'chotuwa, n'chozizira ndiponso n'chosamveka kukoma. Mawu amenewa ndi oona, ndipo onse atatu ndi zitamando. Kutuwa ndi kudzichepetsa, pakuti chakudya chimene sichikopa maso sichingaimbidwe mlandu wonyenga munthu. Kusamveka kukoma ndi kuolowa manja, chifukwa kumapereka bwalo lonse kwa chrain, chomwe ndi chosakaniza cha muzu wolasa m'mphuno wotchedwa horseradish, viniga, ndipo nthawi zambiri beet amene amachifiiritsa. Tsabola wa kambuzi amaotcha lilime, koma chrain imakwera molunjika kuseri kwa maso, n'kupatsa munthu aliyense patebulo mwayi wolira poyera popanda kufunsidwa chimene chavuta. Phindu lalikulu koposa lili pa minga imene palibe. Aliyense amene anadyapo nsima ya chambo amadziwa bata limene limagwa pamphasa, pamene aliyense maso ali m'mbale, zala zikufufuza, ndipo mwana akayamba kulankhula amauzidwa kuti atsamwa. Gefilte fish inamasula pakamwa. Pa mgonero wa Pasika, umene mwambo wake umafuna kuti wamng'ono m'banja afunse mafunso anayi ndipo akuluakulu alongosole za kutuluka mu Iguputo, chakudya chimene munthu angathe kumeza uku akutsutsana ndi amalume ake n'chida cha maphunziro. Mikangano yonse ya mtengo wa kopa, ya chitaganya ndi ya yemwe anayenera kukhala wapampando wa sunagoge ikanafupikitsidwa kwambiri nsombayo ikanakhala ndi minga.

Mdani wake wamkulu anatulukira ku America nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene makampani monga Manischewitz anayamba kuigulitsa m'mabotolo, yophikaphika, yoyandama mu msuzi wake. Ya m'botolo inasunga kutuwa ndi kuterera, koma inataya thukuta, fungo ndi misozi, zomwe ndi zimene zimapangitsa kamtandako kukhala mphatso. Amene watsegula botolo sangathe kukhala patebulo ndi nkhope ya munthu amene wavutikira abale ake, ndipo nkhope imeneyo ndi theka la chikondwerero. Mdani wachiwiri anali kusamuka. Zambia italandira ufulu mu 1964, makamakanso pambuyo pa mfundo za ku Mulungushi za mu 1968, zimene zinachepetsa malonda a anthu osakhala nzika, mabanja ambiri a Chiyuda anapita ku South Africa, ku Britain, ku Israel ndi kwina, masunagoge a m'matauni a migodi anatsekedwa, ndipo ochepa amene anatsala ambiri mwa iwo ali ku Lusaka.

Komabe zipangizo zonse zikadalipo. Bream akugulitsidwabe ku Chisokone ndi ku Masala, anyezi ndi karoti sizinasowepo, ndipo mtsinje wa Kafue ukupitabe pambali pa Kitwe. Wowerenga amene akufuna kudzionera yekha ulemerero umenewu agule nsomba zauwisi Lachinayi m'mawa, apemphe wogulitsa kuti asataye mitu, atsimikize kuti magetsi a firiji sazima usiku umenewo, ndipo adziwitsiretu a nyumba zoyandikana.