Mlandu wa Bambo Django Pabwalo la Amfumu

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mango, chakufupi ndi msika wa Mbulumbuzi. Wodandaula anali mnyamata amene anakonzera kalabu ya alimi a ng'ombe zamkaka webusayiti. Woyankha mlandu, bambo Django, anabwera ali m'laputopu, ndipo nduna inawakhazika pamtondo.

WODANDAULA: Zikomo amfumu. Akuluwa ndinawaika ndine, koma akundikaniza kulowa pakhomo la admin. Tsiku ndi tsiku akuti dzina kapena pasiwedi n'zolakwika. Amayi a kukalabu ayamba kunditchula kuti kamberembere.

AMFUMU: Bambo Django, kwanu n'kuti?

DJANGO: Ku Kansas, ku America, amfumu. Ndinaleredwa kunyuzipepala ya Lawrence Journal-World, ndipo ndinaonekera kugulu mu 2005.

AMFUMU: Ndiye ndinu obwera. Obwera n'kutsekera mwininyumba panja?

DJANGO: Ndili ndi mwambo wanga. Munthu amayamba walamula kuti migrate, kaundula wa maina akhalepo. Akatero ndiye createsuperuser, kulonga mwini zonse. Mphwangayu anayambira kumapeto, ine n'kukuwa kuti kaundula wa auth_user kulibe.

WODANDAULA: Zimenezo ndinakonza!

DJANGO: Munakonza m'laputopu mwanu, m'nkhokwe ya SQLite. Webusayiti ya alimi ili pa seva, ndipo nkhokwe yake ndi PostgreSQL. Dzina lanu mulibemo.

AMFUMU: Aaa! Wolongedwa ufumu kwa Likoswe n'kukaweruza milandu kwa Kadewere?

Anthu anaseka, amayi n'kuimba nthungululu. Kenaka mlembi wa kalabu anagwada, nati naye akukanizidwa chonsecho dzina lake lili pa seva.

DJANGO: Lilipodi, mayi, koma sanakuchongereni is_staff. Popanda chimenecho, pakhomo la admin simudutsa. Komanso munalembetsa chilembo choyamba chachikulu, polowa mukulemba chaching'ono. Kwa ine amenewo ndi anthu awiri.

NDUNA: Nanga osangonena chalakwika bwanji?

DJANGO: Ndikaulula kuti dzina lakhoza koma pasiwedi yaphonya, wakuba ndamufupikitsira ulendo.

AMFUMU: Chabwino. Tiuzeni pasiwedi ya mayiwa, tizipita kumadimba.

DJANGO: Sindikuidziwa. Ndimasunga chizindikiro chake chokha, chotchedwa hash, ndipo sichibwerera m'mbuyo. Woiwala alamule changepassword, asankhe ina.

Amfumu ananong'onezana ndi nduna, kenaka anagamula. Wodandaula alipira nkhuku chifukwa chodzutsira bwalo mlandu wodziputira yekha, ndipo akalongedwenso pa seva lero lomwe. Pofuna kuti wina asadzaiwalenso, pasiwedi yatsopano amfumuwo aitchula okha mokweza, mudzi wonse ukhale mboni.

AMFUMU: Lembani 12345678.

DJANGO: Pepani amfumu, imeneyo ndaikana. Ndi manambala okhaokha, ndiponso dziko lonse limaidziwa.

Bambo Django anawalipitsa mbuzi chifukwa chonyoza bwalo.