Mphindi Zisanu

Kalata inatsika kuchokera kwa akuluakulu a ku ofesi kwathu yolamula kuti makompyuta onse, kuyambira ya bwana wamkulu kufikira nkhalamba yanga ya pangodya, aleke kudzisungira okha maina a eni ake, koma agonjere kaundula mmodzi wokhala pa seva, wotchedwa Active Directory, amene a Microsoft anatulutsa pamodzi ndi Windows 2000. Ndipo ine, pokhala munthu wosatsutsa mau a akulu, ndinalandira lamulolo ndi manja awiri.

Anadza mnyamata wa zamakompyuta, nakhala pampando wanga wopanda ndi odi yemwe, nauza makinawo kuti pofunsa njira azifunsa DNS ya seva yathu yokha. Atatero analemba dzina la domeni, ndilo gulu la makompyuta ogonjera kaundulayo, nalowetsa pasiwedi yake ya ukulu ataphimba ndi dzanja, nazimitsa, nayatsanso. Kompyuta ya mayi wa kumaakaunti inakanidwa pomwepo, poti inali ndi Windows ya Home, imene siloledwa kulowa mu domeni, ndipo tonse tinaseka. Chaona mnzako chapita.

Pakuti taonani, pakhomo pa kaundulayo pali mlonda, dzina lake Kerberos, wobadwira ku MIT, ku America, m'zaka za m'ma 1980, amene akakhutira nawe amakupatsa chiphaso cha maola 10. Koma wotchi ya kompyuta yako ikasemphana ndi ya seva ndi mphindi zoposa zisanu, khomo amalitseka, angakhale pasiwedi uilembe molondola chotani. Akuti n'kuopa mbala, ingatole uthenga wako panjira n'kudzalowera nawo pambuyo pake. Nzeru zimenezo sinditsutsa.

Komatu mphindi zisanu, abale anga! Ine amene ukwati wanga, wolembedwa pakhadi kuti 9 koloko, unadalitsidwa dzuwa litapendeka. Ine amene ndakalambira m'minibasi ndikumva kondakitala akulumbira kuti tinyamuka pakangotha mphindi zisanu. Ine amene telala wanga anandiuza mau omwewo mvula isanagwe, ndipo chimanga tinakolola buluku lisanasokedwe. Ndiweruzidwe lero ndi mphindi zisanu zenizeni, za masekondi 60 iliyonse?

Tsono nkhalamba yangayo kabatire kake ka wotchi, kangati ndalama yachitsulo, kanafa kalekale, kotero kuti magetsi akathima usiku, m'mawa imadzuka ili m'chaka china, ana anga asanabadwe. Ine ndimafika m'mamawa, tayi ali pakhosi, koma wochedwa ndi kompyuta, wotsekeredwa kunja ndine. Anamwali opusa aja a m'fanizo analinso asanu, mwina aliyense ndi mphindi yake. Koma iwo mafuta anaiwala okha, pamene ine kabatire ndinapempha. Anandiuza kuti ndilembe fomu. Fomuyo ili m'kompyuta. Mnyamata uja ndikamuimbira amati, "Achikulire, ndikufika, mundipatse mphindi zisanu," ndipo amafika titadya kale nkhomaliro.

Koma pano ndileke nthabwala pang'ono. Kaundulayu ndi wabwino, chifukwa munthu akachotsedwa ntchito dzina lake limatsekedwa pamalo amodzi, makomo onse n'kumukana. Chondiwawa n'chakuti omwe anasaina kalata ija ndiwo amene pasiwedi zawo anazilemba pakapepala n'kupatsa mlembi, mesenjala ndi mwana wa mlongo wawo. Ndipo tsiku limene ndalama zidzasowe, kaundula adzatchula dzina mokhulupirika, bwana adzati sindinali ine, wonjatidwa adzakhala wamng'ono amene anangotumidwa.

Madandaulo onsewa ndinakawatula kwa mayi a kunyumba, ndikuyembekeza chifundo. Iwo anamvetsera mwachidwi, nafunsitsa za mlondayo, nati munthu ameneyo analeredwa bwino. Kuyambira pamenepo chitseko chathu chimatsekedwa nthawi ikangopitirira 6 koloko ndi mphindi zisanu, ndipo wotchi yovomerezeka ndi ya pafoni yawo.