Boti pa Katete Stores

Kuseri kwa mashopu a pa Katete Stores, pafupi ndi pomwe msewu wa ku Chanida umapatukira kuchoka mu Great East Road, anthu anazolowera kuona mabampa osweka, mathanki obooka ndi ngolo zodikira kuwotcherera. Sabata ino pagona boti la faiba, aja aatali owonda amene asodzi amati banana, ataligoneka chadodolido pa matayala akutha. Anyamata onyamula anthu panjinga asiya makasitomala kudzaliona, poti kuno nyanja kulibe.

Mwini wake ndi bambo wa ku Sinda. Akuti analigula kwa msodzi wa ku Cahora Bassa, nalidutsitsa pa Cassacatiza ndi pa Chanida, kuti azikaponyera ukonde padamu lakwawo. M'manja anali ndi chitini cha penti yobiriwira.

"Madala, penti ndi iyi. Pakani, Loweruka ndilitenge."

Mmisiri, mkulu wa imvi amene ntchito yake ya masiku onse ndi kumata mabampa ndi makanope, sanachilandire chitinicho. Anatenga sikuludiraiva nayamba kugogoda mimba ya boti ndi chogwirira chake, monga amayi amagogodera mphika pamsika asanaugule. Pena pankalira ngwe! ngwe! Pena phu! phu!

"Mwamva, mwana wanga? Apa faiba yalekana, mkati muli madzi."

Kenaka anaboola limodzi mwa matuza amene anali mbwee pansi pa botilo. Munatuluka timadzi tofiirira, ndipo amene anali pafupi anagwira mphuno, akuti fungo la viniga. Mkuluyo anafotokoza mosafulumira. Khungu losalala lakunja lija, lomwe amati jelikoti, silitchinga madzi kotheratu. Boti likakhala m'madzi zaka zambiri, chinyezi chimalowa pang'onopang'ono, chimakumana ndi zotsalira za rezini m'timabowo, n'kusanduka asidi amene amakoka madzi ena mpaka khungu litatupa. Ukapaka penti pamwamba pa zimenezi, imakakamira miyezi yochepa kenaka n'kusendeka.

"Ndiye mutani?"

"Ndipala thuza lililonse ndi galainda, nditsuka ndi madzi abwino kangapo, kenaka ndilisiya liume. Masabata, osati masiku. Mwayi wanu ndi woti tili mu Okutobala, dzuwa ligwira ntchito yake mvula isanagwe."

Bambo wa ku Sinda anavula chipewa n'kuchivalanso. Mayi wogulitsa nzimbe, amene ankamvetsera chiyambire, anaponyamo lake: "Achimwene, m'botimo mudzakwera nokha kapena ndi ana a eni?" Bamboyo sanayankhe, ndipo ine ndikuti funso lenileni linali limenelo. Madamu athu ndi aang'ono, koma pakati pake ndi pakuya kuposa msinkhu wa munthu, ndipo ambiri a kuno tinakula osadziwa kusambira.

Za kumata, mmisiri analankhula ngati munthu amene anapsa nazo manja. Pomwe pang'ambika sumangoika chigamba pamwamba. Umapala m'mbali motsetsereka, kutambalala kokwana maulendo 12 a kuchindikala kwa faibayo, kuti chatsopano chigwirane ndi chakale pamalo aakulu. Umapukuta ndi asetoni, n'kuyala nsalu ya galasi mzere pamwamba pa mzere, uliwonse utakhuta rezini, ukufinya mpweya ndi karola. Pakaoneka poyera mbee, pamenepo nsalu sinamwe, pala uyambenso. Hadina, mankhwala oumitsira rezini, amathira madontho ochepa, magawo 2 pa 100 kapena kuchepera, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumaumitsa rezini usanamalize kupaka. N'chifukwa chake iye amasakaniza pang'onopang'ono, m'mamawa. Ukachulutsa hadina, chikho chimatentha mpaka kufuka utsi.

Atazungulira kumbuyo, pomwe pamamangidwa injini, anakanikiza ndi chala chachikulu ndipo panabonyoka. Mkati mwa faiba ya pamenepo mumakhala pulaiwudi, ndipo madzi olowera m'mabowo a mabawuti anali ataiwoletsa.

"Yamaha yanu ikadzakoka, idzapita nalo thabwa lonseli. Ili ndichotsa."

Penti yobiriwira ija anaiwerenga pachitini n'kuibweza. Inali ya zitseko ndi mawindo. Anati pakufunika pulaima yogwira pa faiba, kenaka penti ya maboti yosakaniza zitini ziwiri, ndipo ikasowa ku Chipata aitanitse ku Lusaka pa basi.

Chimene chinandiwawa n'china. Mnyamata wophunzira ntchito anali atayamba kale kupala, nkhope yonse fumbi loyera, pamphuno atangomanga kansalu. Fumbi limenelo ndi galasi lopera. Pakhungu limayabwa usiku wonse, nanga m'mapapo? Mayi wa nzimbe anaziona nayenso, nauza mwini boti kuti pogula pentiyo asaiwale chophimba kumphuno chenicheni ndi magalasi a mwanayo. Bamboyo anavomera ndi mutu.

Anapatuka pang'ono n'kuimba foni kwawo. Tinangomva akuti, "Loweruka sizitheka, malume. Auzeni anzathu asonkhenso, pali thabwa loti tigule." Atabwerako anafunsa mtengo wa ntchito yonse, ndipo awiriwo anakhala pa benchi n'kuyamba kunenerera, mmisiri akulemba manambala ndi choko pamimba pa boti.