Nkhanga za ku Nsanje zinapangana dzuwa lili paliwombo

Nkhanga zinapangana kusanache, amatero akuluakulu. Mbalame ya kamutu ngati nsonga ya chala, yopanda kazembe, yosalandira alawansi, koma imadziwa kuti za kothawira amakambirana mlenje adakali m'bulangete.

Nanga ife a mitu ikuluikulufe?

Mu Okutobala 2010 ku Nsanje kunali namtindi wa anthu. Bingu wa Mutharika amatsegulira doko loti ngalawa zizichokera kunyanja ya mchere ku Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire, ulendo wa makilomita 238. Ganizolo silinali lopusa ayi. Aliyense wogula feteleza amadziwa kuti pamtengo wa thumba pamakhalanso ndalama ya thiraki yochokera ku Beira. Robert Mugabe anafika, Rupiah Banda wa ku Zambia nayenso anafika. Amayi anavina mpaka fumbi kobo, makosi n'kuuma ndi kusuzumira kumunsi kwa mtsinje. Ngalawa ya feteleza yoti idzakometse mwambowo inali itagwidwa ku Mozambique. Eni madziwo ankangofunsa ziwiri: kafukufuku wa zachilengedwe ali kuti, nanga chilolezo munatenga kwa yani? Armando Guebuza, mtsogoleri wawo, sanapondeko n'komwe.

Kumudzi zoterezi ndiye kumanga tenti, kupha mbuzi ndi kuitana oimba, ankhoswe a kuchikazi asanauzidwe. Anthu adya ndithu, koma mkwatibwi ali kwawo akusinja.

Chaka chotsatira tinapirikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yake yachinsinsi yomwe inaululika. Tsiku limenelo tinayenda chifuwa chili patsogolo. Thandizo la bajeti litaima, ndalama zakunja zomwe zinali kale zoperewera zinasoweratu, ife n'kumagona pamzere wa mafuta titatsamira zigubu. Nkhanga ikanayamba yafunsa kuti mawa tidya kuti.

Chimatipweteka n'chakuti nkhanga zathu zimasintha pakatha zaka zisanu, ndipo yatsopano iliyonse imabwera ndi thengo lakelake. Chonsecho Mozambique sasamuka. Njira zathu zapafupi zopita kunyanja, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zimadutsa pakhomo pake, kaya kuno kukulamula chipani chanji.

Pano tili ndi masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021. Inu a ku Capital Hill, musanagule riboni ina ndi sizasi, tayambani mwadzera ku Maputo mukaodire.