Masamu a munthu woopa kutchedwa shushushu

Kuno ku Bauleni, mumzinda wa Lusaka, kuli lamulo limene silinalembedwe m'buku lililonse, koma ngakhale mwana wa giredi 1 amalidziwa: mnzako sumupereka kwa akapokola. Wochita zimenezo timamutcha shushushu, ndipo akangofika pa bala nkhani imasintha n'kukhala ya mpira. Ine lamuloli ndimalisunga mwakhama, moti ena amanditama kuti ndine munthu wosunga chinsinsi. Ulemuwo ndimaulandira ndi manja awiri, ngakhale ndikudziwa kuti chimene chimanditseka pakamwa ndi masamu basi. Tsono masamuwo timawachita mozondoka. Timathamangira kupolisi ndi nkhani zimene mkulu wa mpingo akanathetsa atakhala pa mpando wapulasitiki, koma pa nkhani zimene palibe mkulu angathetse timangoti zii.

Masamuwo amayambira pa ngongole. Mnzako ali ndi K200 yako, ndipo akalowa kundende ya Chimbokaila ndalamayo ilowa naye. Mkazi wake ali m'chilimba chimodzi ndi mayi a kunyumba kwako, ndipo mwezi wamawa ndi wanu wolandira. Kenako pali bondi. Bondi ya kupolisi ndi yaulere, inde, koma imafuna anthu omuimira womangidwayo, makamaka apantchito yodziwika. Kuno ambiri timadya za maganyu ndi za kumayadi, kusesa ndi kulondera ku Kabulonga, ku Woodlands ndi ku Ibex Hill, ndipo amene ali ndi kalata ya bwana ndi owerengeka. Ndiye ngati uli ndi kalatayo, iwe amene unakanena mnzako m'mawa ndiwe amene abale ake adzakugogodere madzulo kuti ukasaine. Mawa lake mkazi wako adzaphika nsima yopita nayo kuselo, ndi ufa wako. Mlandu ukafika kukhoti udzakhala mboni, udzakwera minibasi kupita m'tauni, mlanduwo adzauimitsa kaye, ndipo bwana adzakudula tsikulo. Munthu akaphatikiza zonsezi amayamba kumukonda mnzakeyo kwambiri, chikondi chimene sanali nacho dzulo.

Chodabwitsa n'chakuti masamu onsewa amasungunuka chinthu chobedwacho chikakhala changa. Foni yanga ikasowa pa tebulo pamene panali anzanga okhaokha, sindidikira kuti kuche. Ndalama ya chilimba ikadyedwa, azimayi amamanga zitenje n'kulunjika kupolisi ali pamzere. Zotukwanana pa mpopi, lendi ya miyezi iwiri, nkhuku yolowa m'dimba la aneba, zonsezo timafuna kuti zilembedwe m'buku la boma. Pamene boma lenilenilo limadziwa kuti zina n'zokambirana: lamulo loyendetsera milandu limalola khoti kulimbikitsa anthu kugwirizana pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu awiri, monga kukankhana. Koma mnzathu akamamenya mkazi wake usiku, khoma lokha likutilekanitsa, timakweza wailesi, ngati magetsi alipo. Akamawotcha waya wamagetsi kuseri kwa nyumba kuti atulutse kopa wokagulitsa kwa ogula zitsulo, utsi wakuda uli tolo, timamupatsa moni n'kumufunsa za ana. Dera lonse likakhala mumdima timatukwana kampani ya magetsi ya ZESCO ndi chilala cha 2024 chimene chinaphwetsa Kariba, tikudziwa bwinobwino kuti mdima wa ulendo uno wagona nyumba yachitatu kuchokera pa kantemba.

Anthu ambiri amaganiza kuti kukhala chete n'kwaulere pamaso pa lamulo. Penal Code ya dziko lino simaganiza choncho. Wodziwa kuti munthu akukonza kapena akuchita mlandu waukulu, iye osachitapo kanthu kuti aletse, ali ndi mlandu wakewake. Wothandiza wolakwa kuzemba chilango nayenso ali nawo. Wolandira katundu akudziwa kuti ndi wakuba, chimodzimodzi. Choncho kachikwama kaja mnzako anakusungitsa kunsi kwa bedi, akuti adzatenga Loweruka, ndi TV ija unagula pa mtengo wa nkhuku ziwiri popanda rimoti, zingakupezetse malo m'selo imodzi ndi iye, mukambirane bwino za ubwenzi wanu. Ndipo pali nkhani ina imene nthabwala zimandithera. Kugona ndi mwana wosafika zaka 16 chilango chake chimayambira pa zaka 15 m'ndende, komabe mabanja amakhala pansi, amalandirana ndalama, amati tisachititse manyazi mtundu, ndipo mwanayo amatumidwa kukagula shuga wa tiyi wa anthu amene akumugulitsa. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit yoona nkhani zotere, lamulo lolimbana ndi nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo manambala a 116 ndi 933 munthu amaimba popanda tokotaimu. Pamenepa chifukwa changa chokondedwa, choti ndilibe ya minibasi, chimagwa chagada.

Wina anena kuti ndikulankhula ngati munthu wa kumayadi amene ali ndi geti ndi galu. Adzati ukakanena, mnzakoyo adzatuluka pa bondi iwe usanafike n'kunyumba komwe, ndipo adzadziwa amene wamunena, chifukwa m'komboni nkhani imathamanga kuposa njinga yamoto. Izi n'zoona, ndipo ine amene ndimathawa ngakhale tsekwe sindingazitsutse. Tili ndi lamulo loteteza oulula zoipa la 2010, koma linalembedwa poganizira za katangale wa m'maofesi, ndipo silinena kanthu za munthu amene m'mawa uliwonse amaima pamzere wa chimbudzi chimodzi ndi amene wamunena. Chimene ndikukana n'chakuti manthawo tiziwaveka jekete n'kumawatcha kukhulupirika. Mantha ali ndi mankhwala ake. Mukhoza kupita atatu, mukhoza kudzera kwa a neighbourhood watch kapena kwa abusa, mukhoza kuimba foni muli kutali. Pa nkhani ya waya kapena katundu wakuba mukhozanso kuyamba mwamuuza mwini wakeyo kuti amwene, izi zikapitirira tikakunenani. Koma munthu amene wadzitsimikizira kuti akuchita zaulemu safunanso mankhwala, amangogona tulo tabwino mkazi wa mnzake akulira.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Mnzakoyo ndiye amagula ufa pakhomo pake. Akamangidwa ana asiya sukulu, lendi iima, ndipo ndende zathu n'zodzaza kale moti wolowa ndi mlandu wa foni akhoza kutuluka ataphunzira za magalimoto. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndikuvomera. Koma amene amanena izi amayesa kuti tikapanda kupita kupolisi nkhani ithera pa kukhululuka, pamene ife tonse tikudziwa mmene imathera. Wakuba amene anzake amubisa chaka chonse amadzagwidwa tsiku lina m'dera limene alibe mnzake, wina n'kukuwa kuti kawalala, ndipo pakatha mphindi zochepa palibenso woti n'kumufunsa mafunso. Kumayambiriro kwa 2020, nthawi ya mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba, zimene zinayambira ku Chingola n'kufalikira mpaka m'makomboni a Lusaka, magulu a anthu okwiya anapha anthu pafupifupi 50 m'dziko muno, ambiri mwa iwo popanda umboni uliwonse. Boma linathetsa chilango cha imfa mu Disembala 2022, koma uthengawo sunafike kwa gulu lonyamula miyala ndi tayala. Ku Chimbokaila kuli tsiku loona akaidi, munthu amapita ndi sopo n'kukacheza. Ife a ku Bauleni tili pa msewu umodzi ndi manda a Leopards Hill, ndipo tikudziwa kuti kumeneko wolankhula amakhala mlendo yekha.

Chotsutsa chomaliza ndi chimene chimandiluma pamtima: nanga iwe ndiwe woyera? Ayi ndithu. Munthu wa m'komboni amene sanalumphepo kalamulo kenakake ndiye kuti wafika dzulo, ndipo tikanati tizinenana pa chilichonse, Bauleni yense akanasamukira kuselo n'kusiya agalu akulondera nyumba. N'chifukwa chake ine sindikuti tikhale onenana. Funso limene ndimalipeza lothandiza ndi ili: kukhala chete kwangaku, akulipira ndani? Ngati wolipira ndine, monga foni ija kapena K200, ndili ndi ufulu wokhululuka, ngakhale mbiri ikusonyeza kuti ufuluwo sindiugwiritsa ntchito kawirikawiri. Ngati wolipira ndi mwana, kapena mayi amene makolo ake ali kutali ku Petauke ndipo alibe kothawira, kapena agogo amene firiji yawo ya mafiriziti yazima chifukwa cha waya wobedwa, ndiye kuti ndikukhululuka ndi thumba la eni. Kuwolowa manja kotere ndimakudziwa bwino, ndi kumene ndimachita pa maliro ndikamagawa nsima imene sindinasonkhere.

Tsono musandiyese ngwazi chifukwa ndalemba zimenezi. Kulemba n'kosavuta, pepala silikhala nawe pa mpopi umodzi. Tsiku limene masamu anga adzandiuze kuti wolipira ndi mwana wa eni, ndikudziwa mmene ulendowo udzayendere. Ndidzavala malaya a kutchalitchi, ndidzadutsa pakhomo pa polisi ngati ndikupita kumsika, ndidzagula tomato amene sitikumufuna, ndidzabwerera, ndidzaima pa kantemba kufunsa mtengo wa makandulo. Kenako ndidzalowa, chifukwa tomatoyo adzakhala atayamba kundilemera. Wapolisi akadzatsegula buku n'kufunsa dzina langa, sindikulonjeza kuti ndidzalikumbukira msanga.